Lipoti la nkhani: masabata 16 a mafizo kwa mtsikana wa zaka 6 wa cerebral palsy, Lilongwe

Mwanayo ndi chomwe anadzera

Mtsikana wa zaka 6 ndi miyezi 4, wa ku Chinsapo, anabwera naye mayi ake kumayambiriro kwa Meyi. Dandaulo linali lachindunji: amayenda monyang'ama, amagwa kosawerengeka, ndipo mu Sepitembala ayenera kuyamba Sitandade 1 pa sukulu yomwe ili mamita pafupifupi 400 kuchokera pakhomo. Mayiwo amagulitsa tomato ndi anyezi pamsika, choncho tsiku lonse mwana amaswera ndi agogo ake akuchikazi. Dzina lake talisiya dala.

Buku lake la kuchipatala likusonyeza kuti anabadwa masiku osakwana, pa masabata 31, akulemera makilogalamu 1.5, ndipo anakhala ku wodi ya kangaroo, ya ana obadwa masiku osakwana, masabata 3. Anakhala tsonga yekha pa miyezi 13, anakwawa pa miyezi 20 modumpha ngati kalulu, miyendo yonse pamodzi, ndipo anayenda popanda womugwira ali ndi zaka 3 ndi theka. Sanagwepo khunyu. Amalankhula bwino, amadya yekha, amawerenga mpaka 20. M'mawondo onse muli zipsera za mphini zomwe anatemedwa ali ndi zaka 2. Pamenepo sitinatalikitse nkhani. Tinangopempha kuti asatemedwenso, chifukwa chilonda chokhala m'kati mwa chikhakha kapena pulasitiki yothandizira phazi chimanyeka.

Mbiri yotereyi ndi ya cerebral palsy, vuto la kayendedwe lobwera chifukwa cha kuvulala kwa ubongo mwana ali wamng'ono, ya mtundu wa spastic diplegia, womwe umakungitsa minofu ya miyendo yonse iwiri. Mwa ana obadwa masiku osakwana, malo omwe amavulala kawirikawiri ndi m'mphepete mwa timphako ta madzi ta m'kati mwa ubongo, momwe mumadutsa mitsempha yolamulira miyendo. N'chifukwa chake miyendo imakhudzidwa kwambiri kuposa manja. Kuvulalako sikuwonjezereka, koma mwana amakula, ndipo mafupa amatalika msanga kuposa minofu yokungika. Mwana amene ankaponda ndi phazi lonse ali ndi zaka 4 atha kukhala wonyang'ama pofika zaka 6 popanda china chatsopano chomwe chachitika muubongo.

Zomwe tinapeza

Pa GMFCS, muyeso wa magawo 5 wa mmene mwana amayendera, ali pa gawo 2: amayenda wopanda ndodo m'nyumba ndi panja pafupi, amafuna chogwirira pokwera sitepe, ndipo pamalo okumbikakumbika amavutika. Amalemera makilogalamu 17.

Poyenda, chidendene chakumanja sichifika pansi n'komwe. Chakumanzere chimafika mochedwa. Mawondo amayang'anana n'kumakhulana, thupi limapendamira kumbali ya mwendo womwe waponda, manja ali m'mwamba ngati wanyamula ndowa ziwiri. Amayenda mothamanga chifukwa kuyenda pang'onopang'ono n'komwe kumamuvuta, ndipo amaima pogunda khoma kapena munthu.

Kakolo wakumanja, bondo litawongoka, ankaperewera madigiri 5 kuti afike pa ngodya ya madigiri 90. Bondo litapindidwa ankapitirira ndi madigiri 10. Kusiyana kumeneku kumasonyeza kuti wafupika ndi mnofu wapamwamba wa katumba, womwe umadutsa kuseri kwa bondo, osati wam'kati. Kakolo wakumanzere ankafika ndendende pa 90. Kukungika kwa akatumba kunali 2 pa Modified Ashworth Scale, muyeso wa kukungika woyambira 0 mpaka 4, kwa minofu yakuseri kwa ntchafu ndi yam'kati mwa ntchafu 1+. Atagona chagada, ntchafu itaimitsidwa, bondo linkaperewera madigiri 50 kumanja ndi 45 kumanzere kuti liwongoke. Chithunzi cha X-ray cha m'chiuno, chomwe anajambulitsa ku Kamuzu Central, chinasonyeza mutu wa fupa la ntchafu utasuntha m'malo mwake ndi 21% kumanja ndi 18% kumanzere, pansi pa 30% pomwe timayamba kuda nkhawa.

Mphamvu ndi imene inali yochepa kuposa mmene banja linkaganizira. Minofu ya m'mbali mwa matako, yomwe imagwira chiuno munthu akaima ndi mwendo umodzi, inkangotha kukweza mwendo theka la njira atagona cham'mbali. Kudzuka pampando osagwira pena pake kunkatheka kawiri, kachitatu n'kukanika.

Pa Pediatric Balance Scale, yoyeza kukhazikika kwa mwana, yomwe ili ndi zochita 14 ndipo malikisi onse ndi 56, anapeza 31. Anataya malikisi ambiri poima ndi mwendo umodzi, pomwe kumanja sanakwanitse sekondi ndipo kumanzere anafika masekondi 2, poika phazi kutsogolo kwa linzake, potembenuka mozungulira, ndi posinthanitsa mapazi pa kasitepe. Atatseka maso anaima masekondi 4 okha. Kudzuka pampando, kuyenda mamita 3, kutembenuka ndi kudzakhalanso kunamutengera masekondi 14.6, pomwe anzake a msinkhu wake amamaliza m'masekondi pafupifupi 6. M'mphindi 6 anayenda mamita 205. Tinaonanso kuti diso lakumanzere limapenyera m'kati akatopa, ndipo tinamulembera kalata ya kuchipatala cha maso.

Kugwa tinakuwerenga ndi chimanga. Kwa sabata imodzi tisanayambe chilichonse, agogo ankaponya njere imodzi m'botolo mwana akagwa, ndipo madzulo mayi ake ankaziwerenga n'kulemba pachikuto cha kope. Zinkatuluka pakati pa 8 ndi 13 patsiku.

Mmene tinaionera nkhaniyi

Aliyense amene anamuona akuyenda ankaloza chidendene, ndipo chidendenecho chinkafunikadi kutsitsidwa. Koma mwana sagwa chifukwa cha kakolo yekha. Kukhazikika kumachokera ku zinthu zitatu zomwe zimauza ubongo pomwe thupi lili, maso, timadzi ta m'kati mwa khutu, ndi zomwe mapazi ndi mfundo za mafupa zikumva, kenako minofu iyenera kuyankha msanga ndi mphamvu yokwanira. Mwanayu anali ndi vuto ponseponse, ndipo panali chinanso chomwe sichilembedwa pa muyeso uliwonse: sanapatsidwepo mpata wodzandira n'kudziwongola yekha. Ulendo uliwonse wopitirira pabwalo, agogo ankamubereka. Akamuyendetsa ankamugwira manja onse awiri atawakweza pamwamba pa mutu.

Kagwiridwe kameneka ndi kachikondi, koma kamaphunzitsa zosiyana ndi zomwe tikufuna. Manja akakwezedwa, mwana amalendewera, kulemera kwake kumapita kutsogolo pa zala zakuphazi, miyendo imakungika kwambiri, ndipo manja omwe akanawatambasula podzitchinjiriza amakhala atagwidwa. Wodziwa kukhazikika pamenepo ndi wamkuluyo, osati mwana.

Zolinga tinagwirizana ndi banja m'mawu awo omwe: ayende yekha kukafika kusukulu, akwere pakhonde osakwawa, awoloke ngalande ya pakhomo, ndipo adzithandize yekha kuchimbudzi.

Chikhakha ndi zothandizira mapazi

Kukoka katumba ndi manja kwa masekondi 30 kangapo patsiku, zomwe mayi ake ankachita mokhulupirika kwa zaka ziwiri, sikutalikitsa mnofu womwe wafupika kale. Mnofu umafuna kukhala wotambasuka kwa maola ambiri. Choncho mwendo wakumanja tinaumanga chikhakha cha pansi pa bondo katatu, kusintha masiku 7 aliwonse. Mwana amagona chafufumimba, bondo litapindidwa, mmodzi n'kugwira phazi pomwe layamba kulimba koma osapweteka, chidendene chitawongoka. Cholakwika chofala apa ndi kukankha kutsogolo kwa phazi mwamphamvu: phazi limapindikira pakati, kumaoneka ngati kakolo wapita, pomwe chidendene chikadali m'mwamba m'kati mwa chikhakhacho. Thonje tinawonjezera pa mafupa a m'mbali mwa kakolo ndi kuseri kwa chidendene. Patatha maola 48 chitauma, ankachipondera atavala nkhwayira ya tayala pansi pake. Banja linauzidwa kubwera tsiku lomwelo zala zikatupa, zikazizira kapena kusintha mtundu, mwana akamalira usiku, kapena chikhakha chikanyowa kapena kununkha.

Kakolo anachoka pa kuperewera madigiri 5 n'kufika pa 90, kenako kupitirira ndi 5, kenako ndi 8. Tinalekera pomwepo mwadala. Katumba wotalikitsidwa mopyola amalephera kugwira fupa la msongolo, ndipo mwana amayamba kuyenda mawondo atapindika ngati akufuna kukhala pansi. Vuto limenelo ndi lovuta kulikonza kuposa kunyang'ama. Pa chifukwa chomwechi nkhani ya opaleshoni yotalikitsa mtsempha wa kuchidendene sitinaiyambe pa msinkhu uno, ndipo baclofen, mankhwala ofewetsa minofu yokungika, sitinamupemphe: kukungika kwake n'kwapakatikati, ndipo mankhwalawa akanamuwonjezera tulo ndi kufooka.

Tsiku lochotsa chikhakha chomaliza anayezedwa ma AFO a miyendo yonse, mapulasitiki ogwira phazi ndi msongolo, okhala ndi hinjesi pa kakolo: amaletsa phazi kugwera pansi koma amalola msongolo kupita kutsogolo, zomwe zimafunika pokwera chitunda ndi ponjuta. Anatenga masiku 12 kuti atuluke. Masiku ngati amenewa ndi omwe phindu la chikhakha limatayikira, choncho chikhakha chomalizacho tinachicheka pawiri m'litali, ndipo theka lakumbuyo ankalimangira ndi bandeji usiku uliwonse.

Kuvala kunayamba ndi ola 1, kuwonjezera ola tsiku lililonse mpaka maola 6 mpaka 8. Pansi pake sokosi yaitali ya thonje yopanda makwinya. Lamba wa pa kakolo amangidwe choyamba, chidendene chitakhala pansi penipeni. Nsapato anagula pa kaunjika, yokulirapo ndi masayizi 2, yazingwe, n'kuchotsamo kansalu kam'kati. Povula amayang'ana khungu: kufiira komwe sikuchoka pakatha mphindi 20 mpaka 30 kukutanthauza kuti pulasitiki ikudya, ndipo iyenera kukakonzedwa.

Mphamvu

Ankabwera kawiri pasabata kwa masabata 6 oyamba, mphindi 45, kenako kamodzi, chifukwa ndalama ya minibasi ndi tsiku lotayika pamsika sizikanapiririka kupitirira apo. Ntchito yeniyeni inali ya kunyumba.

Zolimbitsa minofu zinali zinayi zokha, Lolemba, Lachitatu ndi Lachisanu. Kudzuka pa kampando ka masentimita 28, komwe kamapangitsa chiuno ndi mawondo kukhala pa ngodya ya 90, mapazi atabwerera pang'ono kumbuyo kwa mawondo, mphuno itsogole, manja pachifuwa, ndipo pokhala atsike pang'onopang'ono osadzigwetsa. Kukweza matako atagona chagada, mpira wachikulunga uli pakati pa mawondo kuti asakhulane. Kuyenda cham'mbali motsatira khoma, zala zakuphazi zitaloza kutsogolo. Kukwera ndi kutsika pa njerwa imodzi, kenako ziwiri zosanjikiza. Chilichonse maulendo 8 mpaka 10, kupuma mphindi imodzi, kubwereza katatu. Akakwanitsa 10 katatu mosapotoza thupi, timawonjezera katundu m'kachikwama ka kusukulu: botolo la madzi la 500 ml ndi theka la kilogalamu. Anayamba ndi mabotolo 2 sabata ya 6, n'kufika pa 6 sabata ya 15.

Mayi ake anafunsa ngati kulimbitsa minofu yolimba kale sikuwonjezera kuuma. Funsoli limabwera pafupifupi kwa banja lililonse. Mnofu wokungika si mnofu wamphamvu. Pansi pa kukungikako pali kufooka, ndipo kuulimbitsa sikuwonjezera kukungika. Miyeso ya kumapeto inasonyeza zomwezo.

Kukhazikika ndi kuyenda

Apa lamulo linali limodzi: chochitacho chikhale chovuta mpaka mwana adzandire, koma osati mpaka agwe. Akachita maulendo 10 osagwedezeka n'kamodzi komwe, ndiye kuti chaphweka ndipo sakuphunzirapo kanthu. Akalephera oposa theka, chavuta mopyola. Timasintha chinthu chimodzi panthawi: kutalikirana kwa mapazi, pomwe waponda, chomwe manja akuchita, kapena komwe maso akuyang'ana.

Masabata a chikhakha anagwira ntchito chogwada: kugwada mowongoka n'kumaponyerana mpira, kenako bondo limodzi pansi, phazi lina kutsogolo. Chitachoka, anayamba kuima pa simenti akutola zitsekerero za mabotolo pansi n'kuziika pa zenera lomwe lili pamwamba pa phewa lake, kumanja ndi kumanzere, kuti kulemera kuzisamuka mwendo ndi mwendo. Kenako zomwezo pa mphasa, pa thumba la madeya losadzaza, ndi pa mchenga. Kumenya mpira wachikulunga kunatithandiza kwambiri, chifukwa mwana amaima ndi mwendo umodzi osadziwa kuti akuyesedwa. Tinkaonetsetsa kuti azimenya ndi mwendo wakumanzere kawirikawiri kuti wakumanja, wofookawo, ndi umene uzinyamula thupi. Kuima dala ndi kutembenuka tinakuphunzitsa pakokha: mizere ya makala pabwalo, kuyenda mpaka pamzere, kuima, kuwerenga mpaka 3, kutembenuka ndi timasitepe ting'onoting'ono. Mabokosi a phada anagwira ntchito yomweyo anzake akabwera, iye akuponda bokosi ndi bokosi m'malo modumpha.

Kakhalidwe ka pansi kanasinthidwanso. Ankakonda kukhala matako ali pakati pa zidendene, mawondo kutsogolo, mapazi atatayikira m'mbali. Pamenepo amakhazikika popanda msana ndi mimba kugwira ntchito. Sitinamuletse mokalipa; tinangoti pakudya ndi posewera azikhala pa kampando kapena motambalala.

Kagwiridwe ndiko kanatenga nthawi. Tinasonyeza agogo kumanga chitenje m'chiuno mwa mwana n'kugwira nsonga zake kumbuyo, molekerera, kuti chikoke pokhapokha akamagwadi. Sabata ya 5, titapita kukaona pakhomo, tinapeza kuti chitenjecho chikugwira ntchito yobereka monga kale.

"Adokotala, mwanayu akakhumudwa n'kung'ambika pachipumi, amake akabwera kumsika ine ndiwauza chiyani?" anatero agogo.

"Agogo, nkhawa yanu ndi yoona. Tiyeni muone ndi maso anu kuti chitenjechi chimugwira asanafike pansi."

Tinayesa pabwalo pomwepo, agogo atagwira nsonga. Mwana anapunthwa pa muzu wa mango, anaponya phazi lakumanzere kutsogolo, manja n'kutambasuka, ndipo anaima chitenje chisanakungike. Agogo anayang'ana nsalu yomwe inali yolendewera m'manja mwawo, n'kunena kuti tibwereze. Madzulo ake mayi a mwanayo anauza agogo pamaso pathu kuti chilonda cha pabondo sadzawafunsa. Mawu amenewo anafunika kuti anenedwe ndi iwowo, osati ife.

Ulendo womwewo unatipatsa miyeso yeniyeni: khonde ndi lalitali masentimita 18, ngalande ndi yotambalala masentimita 35, chimbudzi chili mamita 12 kuseri kwa nyumba ndipo njira yake ndi yotsetsereka. Kuyambira pamenepo zochita za kuchipatala zinatsata manambala amenewa. Kuwoloka kunayamba ndi mizere iwiri yotalikirana masentimita 10, kuwonjezera 5 akakwanitsa. M'chimbudzi amalume ake anazika mtengo wa bulugamu kutsogolo kwa dzenje, wofika m'chiuno mwa mwana, woti azigwira ponjuta ndi podzuka. Njira ya kusukulu anaiyamba sabata ya 8, mamita 100 kupita ndi kubwerera, kuwonjezera pafupifupi 50 sabata iliyonse.

Zomwe zinasokoneza

Sabata yotsatira kuchotsa chikhakha, njere m'botolo zinakwera kufika 15. Katumba anali atafooka chifukwa chokhala womangidwa masabata 3, ndipo mwana anali kuponda ndi phazi lomwe ubongo wake sunalizolowere. Banja tinali titalichenjeza, ndipo n'chifukwa chake silinataye mtima. Popanda chenjezo, apa ndi pomwe ambiri amalekera.

Sabata ya 7 panatuluka thuza pa fupa lam'kati mwa kakolo wakumanja. Sokosi zinali zochapidwa ndipo sizinaume ndi kuzizira kwa Juni, mwana anavala pulasitiki pakhungu, mchenga n'kulowa. Anakhala masiku 6 osavala, pulasitikiyo inafutukulidwa pang'ono ndi moto pamalo pomwe inkadya, ndipo anagulirapo sokosi zina ziwiri. Kuzizira komweko kunkamuumitsa miyendo m'mawa, moti mafizo a m'mamawa ankatha ndi misozi. Tinawasunthira cha m'ma 10 koloko, atawothera dzuwa ndi kuyendayenda.

Sabata ya 10 anadwala malungo, anamwa LA masiku 3, ndipo anafooka pafupifupi masabata 2. Kutentha thupi, ululu ndi kudzimbidwa zimawonjezera kukungika, choncho miyeso ya nthawi yotero sitiidalira. Atachira tinabwerera pa mabotolo 2 m'malo mwa 4.

Magalasi anawalandira sabata ya 9. Asanawalandire ankaphonya m'mphepete mwa khonde, kuponda msanga kapena mochedwa. Atawazolowera, kuphonyako kunachepa msanga kuposa mmene mafizo okha akanachitira. Kalata ya maso ikanayenera kulondoledwa mwamphamvu kuyambira sabata yoyamba.

Zotsatira pa sabata ya 16

Pediatric Balance Scale inachoka pa 31 kufika pa 44. Kudzuka, kuyenda mamita 3 ndi kubwerera kunatsika kuchoka pa masekondi 14.6 kufika pa 10.8. M'mphindi 6 anayenda mamita 310, atavala ma AFO. Kuima ndi mwendo umodzi kunafika masekondi 3 kumanja ndi 5 kumanzere, ndipo atatseka maso anakwanitsa masekondi 10. Kakolo wakumanja anatsala pa madigiri 6 kupitirira 90. Kukungika kunakhala chimodzimodzi. Njere m'botolo zinali pakati pa 1 ndi 3 patsiku. Amakwera khonde atagwira mzati ndi dzanja limodzi, amawoloka ngalande akaima kaye n'kulinga, ndipo njira ya kusukulu amaitha m'mphindi 14, kupuma kamodzi.

Akadali pa gawo 2 la GMFCS, ndipo banja linauzidwa kuyambira pachiyambi kuti gawolo silisintha kawirikawiri. Chomwe chimasintha ndi zomwe mwana amachita ali m'gawo lakelo. Manambalawa awerengedwenso mosamala: ndi mwana mmodzi, woyeza ndi yemwe ankamuphunzitsa, ndipo magalasi, ma AFO ndi kukula kwa miyezi 4 zonse zili m'katimo.

Zotsala

Ponjuta amafunabe chogwira, ndipo chimbudzi cha kusukulu chilibe. Talembera aphunzitsi aakulu kupempha mtengo wonga wa kunyumba, malo okhala pafupi ndi khomo, ndi kuti azituluka m'kalasi anzake asanayambe kukankhana, chifukwa kugwa kwake kotsalako kumachitika akagundidwa kapena akacheukira phokoso akuyenda.

Chomwe tikuchiyang'anitsitsa ndi mawondo. Akaponda, bondo lakumanja likukhala lopindika madigiri pafupifupi 10 mpaka 15, ndipo minofu yakuseri kwa ntchafu sinasinthe kwenikweni. Kupindikako kukawonjezereka, hinjesi ya AFO idzatsekedwa kapena adzapangiridwa yosapindika, ndipo adzatumizidwa kwa madokotala a mafupa ku LION, chipatala cha mafupa cha ku Lilongwe. Chiuno chidzajambulidwanso ali ndi zaka 10, kapena msanga akayamba kumva ululu, kutsimphina mwachilendo, kapena miyendo ikayamba kuvuta kutangadza. Ma AFO adzaonedwa miyezi 6 iliyonse, kapena zala zikangofika kumapeto kwa pulasitiki.

Zonsezi zachitika m'chilimwe, pa nthaka youma. Njira ya kusukulu ndi ya dothi lofiira lomwe limaterera mvula ikagwa, ndipo ngalande ija imadzaza. Adzabweranso sabata yoyamba ya Disembala, ndi botolo lake la chimanga, kuti tiyambe kuyeserera pa nthaka yonyowa.